Malita Asanu a Gervazio

Sunthirani kuno pang'ono, izi si zokamba mofuula. Ndinazimva kwa amene anaona.

Panali munthu wina ku Kaphuka, dzina lake Gervazio. Atabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni, chaka chija mafuta anasowa m'dziko muno, anafuna kugula galimoto. Mlamu wake Kalisto, makaniko wa pa Mayani, anamulangiza.

"Alamu, gulani kapikapu ka ku Japan ngati kangaka. Kwawoko mafuta amachita kugula kunja ngati ife, ndiye galimoto zawo zimamwa modontheza. Aku America mafuta amakumba kuseri kwa nyumba, misewu yawo ndi yotambalala. Galimoto imatengera kwawo."

Gervazio anaseka. "Ine wa ku Joni ndikwere chitini cha nsomba?"

Anakagula chigalimoto cha ku America kwa mzungu wina wa pa esiteti amene ankabwerera kwawo. Chachitali ngati bwato. Chikalira, mbuzi zinkadula zingwe.

Nthawiyo mkazi wake Jesinta, mlongo wake wa Kalisto, anali ndi pakati potopa. Anamwino ananena kuti mwana wakhala mopingasa, akadikirire kuchipatala chachikulu ku boma, monga amachitira amayi ena. Gervazio anakana.

"Zodikirira ndi za oyenda pansi. Tsiku likafika, theka la ola tafika."

Tsikulo linafika Loweruka m'mawa. Mu thanki munali mouma. Pamalo omwetsera mafuta anamuuza lamulo: galimoto iliyonse malita asanu, kaya yaikulu kaya yaing'ono. Anathira asanuwo, nakatenga Jesinta ndi apongozi ake, mayi Magadalena. Podutsa pa galaja, Kalisto anaima pakati pa msewu.

"Alamu, malita asanu ndi ofikira ku boma amenewo? Mukwezeni mlongo wanga mu kangaka."

"Mkazi wanga agone ponyamulira mbatata? Patukani!"

Anayenda bwino mpaka kuyamba chitunda cha ku Chongoni. Chigalimoto chija chinatsokomola kamodzi. Kawiri. Kenako zii.

Gervazio anapotoza kiyi. Anatsegula boneti, anagwedeza mawaya, anagwada n'kuika khutu pa thanki. Kumbuyo Jesinta anali atasiya kulira, akungopuma pang'onopang'ono. Msewu wonse mbee, popanda galimoto, poti aliyense anali ataimika yake.

Mukudziwa mwambo wathu: mkamwini ndi apongozi sayang'anana, amapatukirana panjira. Koma tsikulo mayi Magadalena anatsika, naima maso ndi maso ndi Gervazio.

"Bambo, ndiyang'aneni. Mwana wanga akuzizira manja. Itanani amene munamunyoza uja."

Panadutsa munthu wa njinga, atamanga nkhuni. Gervazio wa suti ya ku Joni anagwada pafumbi. "Achimwene, tayani nkhunizo. Pitani pa Mayani, mukauze a Kalisto kuti mlamu wawo akupepesa."

Anadikira maola awiri, dzuwa likukwera. Kenako kachitini kaja kanatulukira, kakuthamanga ndi malita asanu omwewo. Kalisto anatsika. Anayala matumba kumbuyo, anagonekapo mlongo wake, kapikapu n'kukwera chitunda chonse osatsokomola.

Kuchipatala Jesinta anamuthamangitsira ku opaleshoni. Patapita nthawi namwino anatuluka n'kuitana Gervazio.

"Mayi apulumuka. Mwana anali wamwamuna. Mukanafika ola limodzi m'mbuyomo, tikanamumva kulira."

Chigalimoto chija Gervazio sanakachitengenso. Chinawolera pomwepo, anthu a nkhuni n'kumausapo mvula. Akuti mpaka ukalamba wake, popita ku boma ankazungulira njira ina.

Phunziro: Chinthu chinapangidwira kwa eni ake, ndiye musanachikonde chifukwa cha kukula kwake, funsani ngati chingathe chitunda cha kwanu. Ndipo wodziwa ntchito akakuimitsani pamsewu, imani. Ngati muli ndi m'bale amene samva za anzake, chonde mufikitsireni nkhaniyi mofatsa, mwina ingamupeze asanayambe chitunda.