Shawelo ya Akazi Opirira

Pa benchi ya pakhonde la chipinda chochiriramo panakhala amayi awiri, chikwama chili pakati pawo. Mkatimo munali mkazi amene matenda anamuyamba m'mawa, pamodzi ndi mwamuna wake. Panjapo ankadikira amake mkaziyo ndi amake mwamunayo. Woyankhula anali mmodzi, amake mwamuna.

M'chikwamamo munali shawelo yoyera, yoluka pamanja, imene anafunda ana onse a m'banja la amake mwamunawo. Lamulo lake analinena poyera tsiku limene mpongozi wawo anabwera kuchokera kusikelo ndi nkhani ya jakisoni wa pamsana, uja amati akakubaya sumvanso ululu kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi. Shaweloyo amafunda ndi mwana wa mkazi wopirira. Wobayitsa akagule yake kumsika.

"Kubereka ndi ntchito, asewere, si tulo," anatero uku akusisita chikwamacho. "Ine onse asanu, osatulutsa liwu. Mzamba mpaka anandisuzumira kuti aone ngati ndikadali moyo."

Amake mkazi anangoyang'ana pansi. Sanali munthu wa mikangano.

Anamwino nawo, amake mwamuna sankawakhulupirira. Ankati anthu a yunifomu dzanja limawayabwa akapanda kubaya munthu. N'chifukwa chake, ngakhale ankanyansidwa ndi khalidwe latsopanoli loti amuna azilowa kumene akazi akuchira, anamukankhiramo okha mwana wawo kuti akakhale mlonda. Mwanayo anali chimunthu chachitali, makaniko wa magalimoto akuluakulu, wa manja ngati fosholo.

"Magazi athu amenewo. Ali wamng'ono anagwa pa njinga, osagwetsa msozi. Uyo ali mkatimo, palibe angayandikire ndi singano."

Chitseko chinali chochindikala, chokhala ndi kagalasi kosaonekera mkati. Kwa nthawi yaitali sikunamveke kanthu kupatula mawilo a machira odutsa pakhonde ndi makanda olira m'zipinda zina. Khanda lina linalira chapafupi, kenaka phuu, chinthu cholemera chinagwa, beseni lachitsulo n'kugubuduka pa simenti.

"Wayamba kumenya mateche," anatero amake mwamuna. "Katundu wa boma ameneyo."

Posakhalitsa kulira kunayamba. Kanali kaliwu kowonda, konjenjemera, kotuluka ngati m'mphuno, kofanana ndi ka mwana wa mbuzi womangidwa pa dzuwa. Chitseko chinkameza mawu ambiri, koma ena ankadutsa ndithu. Amayi, amayi. Ndikufa ine. Amayi.

Amake mwamuna anatembenuka pang'onopang'ono, milomo atapinda.

"Akukuitanani, asewere. Kwanu mumalira chonchi?"

Amake mkazi anapendeketsa mutu, n'kumvetsera nthawi ndithu. Kenaka anayang'ana kumbali. Amake mwamuna anaona kuti ndi manyazi, ndipo zinawakomera.

"Sindikukunenani inu. Ndi ana a masiku ano. Akufuna mwana ngati wogula m'sitolo, womata kale mtengo. Tsitsi akufuna la eni ake, zikhadabo za eni ake, tsopano ndi msana womwe akufuna ugone pamene mnzawo akubadwa. Wanuyu ndinamuona tsiku loyamba lomwe, kugwira mpeni ngati ukumuluma. Ndinamuuza mwana wanga kuti apa wagula galimoto yokongola penti."

Kuliraku kunakula. Tsopano kunamveka bwino lomwe. Ndibayeni kaye. Chonde adokotala, musandikhudze musanandibaye.

Namwino wina anatuluka mwachangu, n'kubwerera atanyamula kathireyi kovindikira ndi nsalu yobiriwira. Pankhope pake pankaoneka kuti akudziletsa kuseka. Izi zinawapweteka amake mwamuna kuposa zonse. Dzina la banja lawo linali kusekedwa ndi anthu a yunifomu chifukwa cha mwana wa eni ake. Nanga mlonda uja anali kuti? Anadziyankha okha kuti mwamuna ngakhale alimbe bwanji, misozi ya mkazi imamusungunula.

Patapita kanthawi mkatimo munati zii.

"Basi, abaya," anatero amake mwamuna. Anatsegula chikwama, natulutsa shawelo ija kuti asewere awo aione komaliza. Anaikung'untha, naipinda kanayi mosamala, naibwezera pansi penipeni, pansi pa sopo ndi matewera. Zipi anaikoka mpaka kumapeto. "Idikira mkazi wa mwana wanga wamng'ono. Mwina ameneyo adzakhala ndi msana."

Anaimirira kuti azipita, koma chitseko chinatseguka. Anatuluka mzamba wachikulire, atanyamula khanda lokulungidwa m'nsalu ya chipatala.

"Agogo ake ndi ati? Ndi wamkazi, wathanzi. Mayi wake ali bwino, akumwa tiyi."

"Tamva," anatero amake mwamuna, osalandira khandalo. "Khonde lonse lamva. Tiyi alekerenji kukoma, munthu atagonetsedwa msana."

"Mayiyu? Jakisoni anaukana yekha, ndipo sitinamve liwu lake," anatero mzambayo. "Timachedwa ndi bambo. Atangoona mwana atatuluka anakomoka n'kudzitema chipumi pa beseni, ndiye amakana kusokedwa tisanamubaye. Akufuna amayi ake."

Amake mkazi analandira mdzukulu wawo, n'kuyang'ana chikwama chija.

"Pitani, asewere, akukuitanani. Shaweloyo mutisiyire."