Funso la Nambala 14

Lachiwiri pa 10 Juni, itangokwana 2 koloko masana, kalaliki wa pa windo lachitatu anaona ambulera ija ikulowa pakhomo. Inali yakuda, yothyoka nthiti ziwiri, ndipo eni ake ankaiyendera ngati ndodo. Kalalikiyo anacheukira chitseko chakumbuyo. Mu Epulo anathawira pomwepo. Mu Meyi anachitanso zomwezo, n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi mpaka ambulerayo itapita. Lero chitsekocho chinali chokhoma, makiyi ali ndi mlonda.

Kwa zaka zinayi, mayi a ambulera ankabwera pa windo lake pa 10 mwezi uliwonse kudzadinditsa khadi la chithandizo cha okalamba. Maso awo anali atachita nkhungu. Iye ankawalembera fomu, kuwagwira chala podinda, n'kuwaperekeza mpaka kutsika masitepe. M'faelo yawo munali mawu amene analemba yekha: wamasiye, zaka 76, alibe mwana.

Mu Januwale kunali msonkhano wokonza kalembera watsopano. Osowa anachuluka, thumba silinakule. Kalalikiyo ndi amene anakweza dzanja. "Wokalamba amene ali ndi mwana wa pantchito ali ndi pogwira," anatero. "Ayambe kuthandizidwa amene alibe." Anzake anavomereza, ndipo maganizo akewo anakhala funso la nambala 14.

Olemba kalembera anayenda khomo ndi khomo mu Febuluwale. Fomu ya mayi a ambulera inafika patebulo pake pa 12 Malichi. Kodi muli ndi mwana wa pantchito? Inde, wamwamuna. Ntchito yanji? Ya mu ofesi. Amakuonani kangati? Mwezi uliwonse, salephera. Pansi pake panali chidindo cha chala chimene ankachidziwa ngati chake.

Anapsa mtima tsiku limenelo. Zaka zinayi zonsezi akugwira dzanja la munthu amene ankamupusitsa! Lamulo linkati wochotsedwa ayambe waitanidwa, amvedwe. Iye anangochonga bokosi lakuti "wamvedwa", n'kusaina, n'kupita kukadya.

Mkwiyowo unatha pa sabata imodzi. Chinatsala ndi bokosi lija. Linkamutsatira m'basi, linkamutsatira ndi pa chakudya pomwe.

Tsopano mayiwo anali pa windo. Nsalu imene kale inkawazungulira kamodzi inali itawazungulira kawiri.

"Mwanangu, mwasowatu," anatero akumwetulira. "Ndimati mwina mwadwala. Anzanuwa amangoti mwatuluka, mwatuluka. Ine n'kumati, kodi mwana ameneyu wasanduka mphepo?"

"Ntchito, Amayi. Ntchito yachuluka."

"Muzidya. Mwawondatu."

Kalalikiyo anayang'ana pansi. Anatulutsa faelo, n'kuyamba kuwongola ngodya za mapepala zomwe zinali zowongoka kale.

"Khadi ili akuti linafa," mayiwo anapitiriza, akulikankhira pansi pa galasi. "Ndiye ndimafunsa kuti, khadi limafa bwanji mwini wake ali moyo? Mankhwala a mtima aja anatha mu Epulo. Sindikudandaula ayi. Ndimangoti inuyo mukabwera mukonza."

Kalalikiyo anawerenga masiku m'mutu, ngakhale ankawadziwa. Wochotsedwa anali ndi masiku 90 ochita apilo. Lero linali la 90. Likadutsa, dzina silikanalembedwanso mpaka kalembera wina, pakatha zaka ziwiri. Njira inali imodzi: mwana wotchulidwa pa funso 14 abwere yekha ofesi isanatsekedwe 4 koloko, asaine fomu yofiira, kunena kuti sathandiza kholo lake kapena kuti si kholo lake n'komwe.

Anaganiza za mwana ameneyu, bambo wa tayi wokhala pampando wofewa kwinakwake, woonekera kamodzi pamwezi ngati malipiro, n'kusiya mayi ake akuyendera ambulera yothyoka. Kumuganizira kunamupepuza pang'ono. Mlandu ukagawidwa pawiri umanyamulika.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "ine ndinalakwa. Ndinayenera kukuitanani mu Malichi, sindinatero. Komanso inu munandibisira."

"Ndibise chiyani ine? Ndili ndi chiyani chobisa?"

"Anthu a kalembera aja atabwera kwanu, munati muli ndi mwana wa pantchito."

"Eetu, ndinatero." Nkhope yawo inawala. "Anthu ake anali aulemu. Anandiyang'ana ngati munthu wotayidwa, ndiye ndinati ayi, musandione chonchi, ndili naye wanga."

"Ndiye chimene chinapha khadi lanu n'chimenecho. Tatsala ndi maola awiri, mwinanso osakwana. Ndipatseni nambala yake ndimuimbire. Ngati ali pafupi ndikamutenga ndekha. Abwere asaine apa, avomere pamaso pa anthu kuti sakusamalani."

"Asaine kuti sandisamala? Limenelo ndi bodza. Sindingamunamizire."

"Apo ayi asaine kuti si mayi ake. Zili kwa iye. Popanda dzanja lake, ine palibe chimene ndingachite." Anaika fomu yofiira pa kauntala, n'kuchotsa chotsekera cholembera. "Dzina lake ndani? Amagwira ofesi iti?"

Mayiwo anasendera pafupi ndi galasi, akutsinzinira kuti amuone bwino. Kenako anaseka pang'ono, ngati munthu amene wazindikira kuti akumuseleula.

"Inunso nthabwala zanuzi, mwanangu. Ine ndilinso ndi mwana wina uti? Ndinawauza bwinobwino anthu aja kuti ali pa windo lachitatu."

Cholembera chinali kale m'dzanja lake.