Likhweru la Wendell

Chitseko cha Opal chinalira kwiii, mwiniwake natulukira pakhonde ndi matambula a tiyi wa ayezi. Darlene anali atakhala kale, makiyi a nyumba yake ali m'manja. Anabwera kudzapempha mnzakeyo kuti asamukire kwake. Chimwalirireni mwamuna wake Wendell, nyumba inamukulira Darlene.

Wendell akanakhala moyo sakanalola. Dzina la Opal silinkatchulidwa iye ali pomwepo. "Mayi wamiseche uja? Phazi langa silidzaponda kwake," ankatero, uku akunyamula mbedza ulendo wa kudamu, monga Lachinayi lililonse. Msodzi wake analinso wa tsoka, wobwera chimanjamanja zaka zonsezo.

Mumtengo wa pabwalo munkadumphadumpha mbalame yotuwa ya mchira wautali, ya mawanga oyera m'mapiko. Inalira ngati chule, kenako ngati foni.

"Kakuba nyimbo kameneka," anaseka Opal. "Kalibe yakeyake, kamangotola zomwe kamva kawirikawiri pakhomo pano. Kanabadwira mumpanda umo ndipo sikachoka. Mphaka akangoyandikira kamamujompha pamsana."

Pomwepo mbalameyo inaimba likhweru lokwera kawiri n'kutsika. Tiyi anatayikira pa diresi la Darlene. Linali likhweru la Wendell, lija ankaimba pageti pomudziwitsa kuti wafika. Ankalumbira kuti ndi la mkazi wake yekha.

"Achemwali, mwamva? Ndi Wendell uyo!" Misozi ya Darlene inangoti mbwembwembwe. "Wandilondola mpaka kuno. Wavomera, mayi, wavomera kuti tikakhale limodzi!"

Kuno ku Texas ambiri timati akufa amatuma mbalame, ndipo wamasiye safunsa kawiri. Chichitikireni maliro, Darlene anali asanakondwepo chonchi. Anatambasula dzanja kupereka makiyi. Opal sanalandire. Maso ake anali m'tambula.

Mbalame ija inabwereza likhweru, koma sinalekere pomwepo. Inatsatiza mwamsanga ndi kwiii, ndendende chitseko cha Opal chikamatsegukira mlendo wozolowera.

Darlene anabweza makiyi m'chikwama, napukuta misozi.

"Nsomba za Lachinayi zija," anatero, "zinkakoma, achemwali?"