Madeya m'Kompyuta ya a Makisoni

Kiyi wa njinga yamoto anali m'thumba la a Makisoni, ndipo eni thumbawo anali atakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula. Ananena kamodzi kokha, kuti Davie atuluka m'nyumbamo kompyuta ikachira, apo ayi agona konkuno ku Kachulu. Njingayo Davie anachita kubwereka kwa alamu ake, oti aifuna dzuwa lisanalowe.

Davie ankakonza mafoni ndi makompyuta pa Songani, ndipo msika wonse unkamutama kuti mnyamata ali ndi manja. Koma kalaputopu aka kanamuvula ulemu. Kanayi konse mkazi wa a Makisoni, mayi Elenala, anabwera nako atakakulunga m'chitenje, n'kukasiya mmawa, kudzakatenga masana. Kanayi konse iye anafufuta mapulogalamu osafunika, kusaka mavairasi, kukapemerera mphepo, n'kukabweza kakuthamanga bwinobwino. Pakangotha masabata awiri, si ako kabweranso kakukwawa!

A Makisoni anali ndi zimkuzamawu zoimbira m'maukwati, ndipo nyimbo zawo zonse zinali m'kompyutamo. Loweruka lapitalo inaima pakati pa nyimbo akwati ali mkati movina, anthu n'kuyamba kuwakuwiza. Ndiye ulendo uno anati mkazi wawo asavutike, wokonzayo abwere yekha adzaione pamene imakhala. Davie anabwera akuyesa ndi ulemu. Anazindikira atalowa kale kuti wabwera pa mlandu.

Nyumba yake inali yabwino ndithu, ya simenti, koma yosapumika. Mawindo onse anali ndi zitsulo, kunja mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu. Malata ankathetheka ndi dzuwa la Okutobala, fungo la matemba oyanika likulowera pansi pa chitseko. Davie anadina batani n'kudikira. Kachizindikiro kanazungulira, kuzungulira, mpaka thukuta linamudonthera pa mabatani. Mantha anamugwira, ndipo ankadziwa kuti akalephera lero, dzina lake latha kuyambira ku doko la Kachulu mpaka ku Songani.

Mayi Elenala anabwera ndi madzi akumwa, anagwada, napereka osayang'ana nkhope yake. Ku Songani anali mayi wansangala, wofika akuseka, wosadandaula ngakhale umuuze kuti adikire tsiku lonse. Ndiwonso anatchula dzina la Davie kwa amuna awo poyamba paja. Lero ndi awa, nkhope gwa. Davie anati mumtima, nawonso atopa nane, ndawachititsa manyazi.

Zofufuta zinali zitamuthera, ndiye anachita chimene ulesi unkamuletsa maulendo onse aja. Anaitembenuza kompyuta ija, namasula tizitsulo tonse, natsegula mimba yake. Abale inu! Kafani koziziritsa kanali katatsamwa ndi madeya a mpunga, othinana mpaka kulephera kuzungulira. Ku Songani akamapemerera ankaona kafumbi kakutuluka, iye n'kumati ndi fumbi wamba la mumsewu. Apa m'pamene anatchera khutu. Kuseri kwa mpanda chigayo cha mpunga chinali chikulira, gugugu, osapuma.

Mtima unakhala pansi. Anawafotokozera a Makisoni mwaulemu, koma kamwano pang'ono kakumveka, kuti kompyuta ikatenthedwa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Vuto silinali mavairasi, silinali manja ake. Linali mphepo ya kunyanja imene inkanyamula madeya pachigayo n'kuwalowetsa pawindo. Anatsuka kafaniko ndi burashi, nabwezera zonse m'malo, nadina batani. Inayaka asanamalize n'komwe kumwa madzi aja.

Munthu akapulumuka amachulutsa nzeru. Davie anaitanitsa pampu ya njinga, nawaonetsa bambowo pomwe angamapopere okha Lamlungu lililonse. Kenako analoza sutikesi yachitsulo imene inali pakona, nati kompyuta izigona mmenemo, yokhoma ndi loko, kiyi azisunga okha asamapatse munthu.

"Ndiye kuti za ku Songani zatha?" anafunsa a Makisoni.

"Zatheratu, bambo. Mayiwa apume, asamavutikenso ndi maminibasi."

A Makisoni anaseka koyamba tsiku limenelo. Anati n'zimene ankafuna, chifukwa mkazi woyendayenda amabwera ndi nzeru za eni. Anatulutsa kiyi uja n'kumuponyera, nauza mkazi wawo kuti akamutsegulire mlendo geti. Iwo anatsala akulumikiza zimkuzamawu, ndipo posakhalitsa nyumba yonse inanjenjemera ndi nyimbo yosadukiza.

Davie anakankha njinga mpaka pageti akumva kupepuka thupi lonse. Mayi Elenala anakoka chitsulo, natsegula mpata wongokwana njingayo. Iye anayembekeza zikomo, mwinanso kupepesa. Mayiwo anacheuka kuyang'ana kunyumba, kenako anayankhula motsitsa, mawu akubisala m'phokoso la nyimbo.

"Achimwene, chigayo chija mwachinamizira. Madeya ndinkathiramo ndine. Mwana wanga wa banja loyamba, Tadala, amakhala ndi amayi anga pa Songani, ndipo bambowa salola kuti ndituluke mumpanda muno pokhapokha nditanyamula kompyuta. Lachisanu likudzali akukwanitsa zaka zisanu, ndipo ndinamuuza kuti andidikire pamsewu."