Kapepala ka Velina Kafiira

Loweruka loyamba la mwezi, aliyense m'mudzimo amadontheza magazi pa kapepala kochokera kuchipatala. Kamafufuza chinthu chimene chimanyengerera asilikali a m'thupi kuti asamenye mlendo. Mwana wam'mimba amabisala nacho, khansa nayo imabisala nacho, ndipo kapepalako kakachipeza kamangofiira, sikasiyanitsa.

Ka Velina kanafiira atakhala pabanja zaka makumi awiri wopanda mwana. Galimoto younika m'mimba inali itangodutsa kumene, yoti idzabwerenso pakatha milungu itatu.

Mwamuna wake, Lufeyo, anayamba kutunga yekha madzi. Velina akasanza, onse awiri ankangoyang'anana, osadziwa kuti asekerere kapena alire. Masana Velina ankakhala pakhonde kuluka kachipewa kokwana chibakera, Lufeyo n'kumayang'ana kumbali.

Tsikulo litakwana, hutala ya galimoto ija inalira kubwalo la sukulu. Lufeyo anamutengera Velina nsapato.

"Tiyeni, mayi, mzere ungatalike."

Velina sanadzuke. Anagwira pamimba pake.

"Bambo, tidikire ya mwezi wamawa. Milungu itatuyi ndakhala mayi wa munthu. Musandilande lero."

Lufeyo anaima pomwepo, nsapato zili m'manja, mpaka hutala inasiya kulira.