Chingwe Chachiwiri

Mizeck anazula chingwe kuseri kwa bokosi la madisiki, natuluka osatsanzika. Bwana wa loji ina ku Kande anali atamuchotsa ntchito ya makompyuta n'kuikapo mlamu wake, Vitumbiko.

M'bokosimo munali mayina a alendo onse, ndipo linkatsekukira kompyuta imodzi yokha, yokhala ndi kiyi wa manambala achinsinsi. Zingwe zinalipo ziwiri, koma Mizeck ankadziwa kuti kiyiyo amadutsa pa choyamba basi. Chachiwiri bokosi likanachikana ngati mlendo.

"Andigwadira lero," anatero akukwera minibasi.

Ali ku Mpamba foni inalira. Anali Selina, wolandira alendo.

"Ada Mizeck, ndinu mwazula chingwe?"

"Kaya. Zaima eti? Muwauze abwanawo abwere okha adzandipepese."

"Sizinaime olo pang'ono. Vitumbiko anakonza pulogalamu ya bokosi lija Lachitatu, zingwe zonse zili ndi kiyi yemweyo tsopano. Choyamba chitafa, chinzake chinangopitiriza."



"Komatu abwana ankamukayikira mlamu wawoyo," Selina anatsitsa mawu. "Amati akuitaneninso Lolemba. Lero ataona zimenezi, akuti akhutira naye."