Mzere Wabuluu Pamsana

Adokotala anajambula mzere wabuluu pamsana panga, m'munsi mwa phewa lakumanzere.

"Mnofu uwu ndi umene tichotse pano, mayi. Tiudutsitsa kukhwapa, tikaumbire bere latsopano."

Amuna anga anaima pafupi ndi chitseko, atanyamula bulauzi yanga ngati ya mlendo. Chindichotsereni bere chifukwa cha khansa, dzanja lawo silinafikeko pachifuwa panga. Akafuna kundisisita, ankandisisita pamsana, pamalo omwewo pamene inki inali kuuma tsopano.

"Bambo a ana, tabwerani muone pomwe adule," ndinatero.

Anasendera, nkuyang'ana mzerewo nthawi yaitali.

"Nanga pamenepa padzapola?" Funsolo linapita kwa adokotala, osati kwa ine.

"Padzapola, bambo, koma padzatsala chipsera chachitali."

Ndinkamva mpweya wa amuna anga m'khosi mwanga. Ndinadikira kuti andikhudze, ngakhale ndi chala chimodzi, pakadali posalala.

"Malo anu aja akusamukira kutsogolo," ndinatero, ndikuyesa kuseka. "Muwatsatira?"

Adokotala anavindikira cholembera chawo mwakachetechete. Amuna anga anapinda bulauzi ija bwinobwino, kenako anaipindanso.